Datsun ya Amalume Yatsala Pang'ono

Amalume anga anakhala zaka 23 ku Johannesburg akukonza magalimoto a anthu a ndalama, aja othamanga ngati mwini wake akuthawa angongole. Porsche, Ferrari, Alfa Romeo, zonsezo manja awo anazipisamo. Galimoto ya mwini ikalowa Lolemba ikutsokomola, pofika Lachinayi inkatuluka ikuimba nyimbo. Koma yawoyawo, Datsun 240Z ya 1972, yakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mango ku Chilomoni kuyambira 2015. Mukawafunsa kuti iyenda liti, amapukuta manja pa ovolosi n'kuti, "Yatsala pang'ono, mphwanga." Mawu amenewa ndinawamva koyamba mwana wanga ali kumsana. Pano ali Sitandade 5.

*

Umakaniko anauphunzirira ku Ndirande, pa galaja ya pansi pa mtengo pomwe dokotala wamkulu anali nyundo. Peugeot 504, Datsun 120Y, Land Rover, matenda alionse mankhwala ake kunali kumenya kaye, kufunsa pambuyo. Mu 1992 anakwera basi ya ku Joni, ndipo ntchito yoyamba yomwe anapeza inali yosesa m'galaja ina ya magalimoto othamanga.

Tsiku lina bwana anawaponyera makiyi a Porsche 911 n'kuwauza kuti aone oyilo. Amalume, mtima uli dyokodyoko, anatsegula kutsogolo. Anapezamo tayala la sipeya ndi jekete la mwini galimoto, basi. Anayang'ana kumanzere, kumanja, thukuta kamukamu, chifukwa mlendo ndiye amayamba kukayikiridwa chinthu chikasowa. Anathamangira kuofesi.

"Bwana, injini aba! Koma si ine."

Bwana uja sanayankhe. Anangowagwira dzanja ngati mwana wa kumkaka n'kupita nawo kumbuyo kwa galimoto. Injini inali phee pamalo pake.

Pofuna kufufuta manyazi, amalume anati achite zoposa zomwe atumidwa. Anatunga madzi m'chigubu n'kuyamba kusaka ladiyeta. Anazungulira, anagwada, anagona chagada. Anzawo onse anasiya masipanala n'kukhala pansi kuonerera. Patapita nthawi ndithu m'modzi anawamvera chisoni n'kuwauza kuti 911 simamwa madzi, injini yake imazizira ndi mphepo ya chikupizo komanso oyilo. Zinakhala choncho mpaka 1998. Amalume mpaka lero amati Ajeremani ndi anthu oumira: galimoto yodula chotero, ladiyeta yokha n'kuwakanika kugula.

*

Ajeremani omwewo amalume anawapezera pogwira. Porsche 911 ya 1972 anaiika kachitseko kothirira oyilo kunja, mbali ya kumanja, kofanana ndi ka petulo. Anyamata a pa filing'i siteshoni ankangotsegula n'kuthiramo petulo mosangalala. Chaka chimodzi chokha, kachitseko kaja anakachotsa. Nkhaniyi amalume amaifotokoza pa ukwati uliwonse ndi pa maliro aliwonse, ndipo amamaliza ndi kuti, "Ine ndinalakwa tsiku limodzi. Iwo analakwa chaka chathunthu."

*

Chomwe chinawavuta kwambiri kuphunzira si injini ayi, koma kudziwa posiyira. Ku Ndirande bawuti ankaimanga mpaka munthu abuule kamodzi. Ikakhala ya tayala, mumalumikiza payipi ku sipanala n'kuitana mnyamata wonenepa kuti adumphirepo. Ku Joni anawapatsa sipanala ina yomwe imati "kha" bawuti ikafika pa muyeso wake, ndipo ikatero mumasiya. Amalume atamva "kha" koyamba anaganiza kuti sipanalayo yathyoka, n'kuibisa kuseri kwa matayala. Anatenga ya masiku onse, nalumikiza payipi, nakoka monga anazolowera. "Kha" wachiwiri anali wa bawuti. Mutu wake unawatsalira m'manja, thunthu linatsala m'injini ya aluminiyamu, ndipo malipiro a mwezi umenewo anatsala kuofesi.

*

Ferrari F355, ikafika nthawi yosintha malamba a injini, mumatsitsa injini yonse pansi. Amalume akuti atamva zimenezi anafunsa ngati ku Italy munthu akafuna kusintha lamba wa buluku amayamba wagulula miyendo.

Mwini galimoto wina, yemwe anali atangoigula kumene, anatulukira pa galaja Lachitatu osanena. Anapeza Ferrari yake ili m'mwamba, kumbuyo kuli chibowo choti munthu n'kuimamo, injini ili poteropo, amalume atakhala pambali pake akudya buledi ndi tiyi. Bamboyo anagwira khoma. Amalume anadzuka, napukuta nyenyeswa pakamwa, n'kumulimbitsa mtima ndi Chizungu chawo cha nthawi imeneyo, chomwe tanthauzo lake linatuluka loti, "Musadandaule bwana, zambiri tibwezeramo."

*

Amakondanso kunena kuti anaonerera mpikisano womaliza wa Formula One ku Kyalami mu 1993, womwe anapambana Alain Prost. Tili ana tinkawasirira. Nditakula ndinawapanikiza.

"Amalume, Prost munamuona ndi maso?"

"Kwambiri."

"Munakhala mbali iti?"

"Mbali ya kunja kwa mpanda. Tikiti inali yodula."

"Ndiye munaona chiyani?"

"Iwe, makaniko saona ndi maso. Ndinamumva akudutsa, ndipo injini yake inali bwinobwino."

*

Tsopano za Datsun. Amalume atalengeza kuti akubwerera kumudzi ndi galimoto, anti anayamba kale kufunsa mitengo ya malo pa siteji ya minibasi. M'mutu mwawo munali Toyota Hiace yoyera, kondakitala akulendewera pakhomo, ndalama zikulowa madzulo alionse. Lole inadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, n'kufika ku Chilomoni Loweruka masana anthu atadzaza pabwalo. Atavundukula lona, panatuluka chigoba cha mphuno yaitali chopanda magalasi, ndi makatoni 14. Nthungululu yomwe inali itayamba inathera pakhosi.

Anti anasuzumira m'kati n'kuwerenga mipando. Iwiri. Anatembenuka n'kuwerenga ana. Asanu.

"Bambo, enawa tiziwamangirira padenga?"

Amalume anafotokoza mofatsa kuti iyi si galimoto wamba. Mtundu umenewu unapambana East African Safari Rally mu 1971, ndipo mu 1973 Shekhar Mehta wa ku Kenya anapambananso nawo. Galimoto yomwe inagonjetsa fumbi ndi matope a kumeneko singaope maenje a m'misewu yathu. Anti anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa ngati a Mehtawo anali ndi ana.

Za pachipata cholowera m'dziko tinazimva kwa dalaivala wa lole. Akuti wa kasitomu anazungulira chigobacho katatu, fomu ili m'manja, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, apa tilembe galimoto kapena zitsulo zakutha?" Dalaivala anawatsina amalume kuti avomere zitsulo, msonkho uchepe. Amalume anakwiya ngati awatukwanira mayi awo. "Lembani galimoto!" Analemba. Analipira msonkho wa galimoto mutu uli m'mwamba, ndipo nsima ya pa Mwanza anawagulira dalaivala.

*

Tsiku lomwe anandilola kukhala pa mpando wa dalaivala, ndinaponda pomwe ndinkayesa kuti pali kilachi, phazi n'kufika pa dothi. Amalume sanadabwe. Akuti 240Z iliyonse dzimbiri limaiyambira pansi, ndiye chibowocho ndi umboni woti ndi yeniyeni.

Anyamata ogula zitsulo, aja oyenda ndi sikelo, anaidziwa msanga nyumbayi. Wina anaima pa geti n'kufuula kuti, "Madala, chakugwacho tikupatsani pa kilo!" Amalume, munthu wa zaka zopitirira 60 komanso mkulu wa mpingo, anamuthamangitsa ndi jeke mpaka kumsika. Mwezi womwewo anaitana amisiri n'kumanga mpanda wa njerwa kuzungulira nyumba yonse.

Phindu loyamba la galimotoyi linabwera ndi nkhuku. Thadzi la anti linaikira mazira pa mpando wa dalaivala n'kuyamba kufungatira, ndipo anti analamula kuti pasamveke kulira kwa sipanala mpaka litaswa. Ntchito inaima masiku 21. Anapiye anatuluka 9. Anti amati pa magalimoto onse a m'banja mwathu, iyi yokha ndi yomwe inaberekapo.

*

Injini yake ndi ya masilinda 6 ondondozana, malita 2.4, ndipo moto umayaka motsatana chonchi: 1-5-3-6-2-4. Amalume tsiku la ukwati wawo salidziwa. Masiku obadwa a ana amachita kufunsa. Koma manambala awa muwadzutse pakati pa usiku, awatchula osaphethira.

Chaka china anasunga ndalama pa foni zoti aitanitsire mapisitoni ku Joni. Tsiku lotumiza anapeza mwatsala zogulira machesi. Anafuna kukadandaula kukampani ya foni, anti n'kuwauza kuti akhale pansi, ndalamazo zinapita ku fizi ya mwana wa Fomu 3.

"Nambala yachinsinsi munaidziwa bwanji, mayi?"

"Chinsinsi chake chiti? Chibwerereni ku Joni mumaitchula kutulo."

*

Injiniyo inalirapo kamodzi, ndipo ndinalipo. Inali nthawi ija petulo ankasowa, magalimoto akugona pa mizere. Tinapempha malita awiri kwa mnyamata wa kabaza, batire tinabwereka ku minibasi ya neba. Amalume anavala ovolosi yochapa. Anathira timadontho ta oyilo pamwamba pa makabuleta awiri aja, Hitachi, omwe anawapukuta mpaka kuoneka nkhope. Anapotokola kiyi. Inakhosomola. Anapotokolanso. Inakhosomola kawiri, kenaka dziko linagwedezeka.

Ku ekizozi kunatuluka utsi, makoko a mtedza, chisa chathunthu, ndi khoswe m'modzi yemwe sanayang'ane m'mbuyo. Nkhuku zinakwera mumtengo wa mango. Ana a m'mudzi anadzaza pampanda, ndipo anti anatuluka kukhitchini chipande chili m'manja, akumwetulira asakufuna.

Amalume okha sanaseke. Anatenga kapayipi ka pulasitiki, mbali ina kukhutu, mbali ina pakamwa pa kabuleta yakutsogolo. Anamvetsera, maso ali chitsinzinire. Anasunthira ku yakumbuyo. Anabwereranso ku yakutsogolo. Umu ndi momwe amisiri akale ankafananitsira mpweya wa makabuleta, ndipo kunena zoona, nkhope yawo panthawiyo sindinaionepo ngakhale kutchalitchi. Kwa ife injini inkalira bwino kwambiri. Iwo anazimitsa.

"Yakumbuyo ikupuma mothamanga. Komanso muli kaphokoso kena."

M'mawa mwake ndinapeza injini yonse ili m'mabeseni a anti, chidutswa chilichonse chili ndi kapepala kake.

*

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wa ku Lilongwe wokonda magalimoto akale. Anaizungulira, anagwada, anajambula, n'kutchula mtengo woti Hiace ija n'kugulika. Anti anakatenga mpando wabwino ndi kapu ya alendo. Amalume anati sangagulitse chinthu chosatha, ndi manyazi kwa mmisiri. Bamboyo anati ndiye aimalize, adzabweranso. Amalume anati ikatha ndiye agulitsirenji.

Mlendo atapita, ine ndinatsala ndikuyang'ana mpanda uja. Geti lake ndi lolowera munthu m'modzi, mwina ndi njinga ngati waipendeketsa. Datsun m'lifupi mwake imapitirira mita ndi theka.

"Amalume, tsiku lomwe idzatheyo, idzatulukira pati?"

Anayang'ana geti. Anayang'ana galimoto. Anayang'ananso geti, nthawi yaitali ndithu, akupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale.

"Mpandawu ndinamanga kuti asaibe," anatero. "Waona yabedwa?"