Kuthamanga Sikufika, Ngakhale ku Galaja

Makolo athu sanagwireko sipanala, koma mwambi wawo woti kuthamanga sikufika ndi woyenera kuukhoma pageti la galaja iliyonse. Mwini galaja akaona makaniko atakhala pansi akusewera bawo, mutu umamuwawa. Iye amafuna munthuyo azigona kunsi kwa galimoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, poganiza kuti thukuta likachuluka magalimoto azituluka msanga. Masamu amakana.

Masamu a mizere ya anthu odikira anayambira ku Copenhagen m'chaka cha 1909, pamene Agner Krarup Erlang wa kampani ya matelefoni ankawerengera za oyimba lamya, koma pagalaja amagwiranso ntchito bwinobwino. Tiyerekeze kuti makaniko ndi mmodzi, magalimoto akubwera nthawi iliyonse (paja galimoto sipangana ndi mwini wake tsiku lofa), ndipo ntchito, zina zazifupi zina zazitali, zimatenga ola limodzi pa avareji. Makanikoyo akamatanganidwa theka la nthawi yake, galimoto imakhala pagalaja maola 2. Mukamuunjikira ntchito mpaka 90 peresenti, imakhala maola 10. Pa 95 peresenti ndiye maola 20, mwini wake atadziwana kale ndi makondakitala onse a minibasi. Chifukwa chake n'chakuti bawuti imodzi ikakana kumasuka, mzere umakula, ndipo munthu wopanda mpata alibe nthawi yoti auchepetse. Bawo lija ndiye linali mpatawo.

Mwini galaja ayankha kuti salipira munthu kuti azisuntha nkhomo. Akunena zoona, malipiro sachokera m'mwambi. Koma galimoto yodikira nayonso imadya: imatseka malo, ndipo mwini wake akatopa amakakonzetsa kwina. John Little anatsimikizira mu 1961 lamulo losavuta: pabwalo pakamakhala magalimoto 20 ndipo patsiku pakumatuluka 4, iliyonse imagonapo masiku 5 pa avareji, ngakhale makaniko alumbire kuti "mawa, bwana".

Ena anena kuti chochedwetsa chenicheni ndi masipeya, osati manja. Amenewo akundithandiza kunena. Makaniko woletsedwa kukhala pansi akasowa sipeya amaphwasula galimoto yachiwiri, kenako yachitatu, kuti abwana aone kuti akugwira ntchito. Pofika madzulo aliyense wada ndi oyilo, magalimoto atatu ali pajeke, ndipo palibe imene yatuluka pageti.