Malangizo kwa otumiza zodzoladzola kumudzi

Achimwene a ku Joni, ndamva kuti mukufuna kutumizira amayi sopo ndi mafuta odzola ku Namitambo. Khalani pansi ndikulangizeni. Ine ndalandirapo makatoni ambiri, ndipo lina linatidyetsa nsima yonunkhira sopo sabata ziwiri zathunthu, choncho nkhaniyi ndikuidziwa ndi lilime lomwe.

Pakamwa pa botolo musamangepo. Anthu amantha amatsegula chitsekero, n'kuyala kapulasitiki pakamwa, n'kutsekanso, kenako n'kukulunga ndi selotepi kawiri katatu. Inu musatero. Katunduyu akupita kwawo kwa John Chilembwe, amene mu 1915 anadzuka ku Mbombwe kukana goli la atsamunda. Ndiye inu mum'mange glisalini? Msiyeni ayende mwaufulu m'katoni monse, apereke moni kwa shuga ndi masamba a tiyi.

Kunena za shuga, muikeni pafupi penipeni ndi Lifebuoy. Shuga, mpunga ndi ufa n'zaulemu, zimalandira fungo la mlendo aliyense. Ena amaika sopo m'jumbo yakeyake, zakudya m'katoni lina. Kuwononga ndalama kumeneko. Ngati jumbo ikufunikadi, sankhani yopyapyala ija boma linaletsa mu 2015, yosafika ma micron 60, yomwe imang'ambika mukangoiyang'anitsitsa.

Vaseline mumugoneke chafufumimba, chivindikiro pansi. Katundu wa pa basi amadutsa Beitbridge, Nyamapanda, kenako Tete asanalowe pa Mwanza, ndipo aliyense amene anadutsa Tete mwezi wa Okutobala akudziwa kuti dzuwa lake limapitirira madigiri 40 osapempha chilolezo. Kunsi kwa basi, komwe kumakhala makatoni, ndi ng'anjo. Pofika ku Limbe mafuta aja amakhala atadzola kale chitenje chomwe munagulira amayi, ndipo amayi sadzavutikanso kudzola: kungovala basi.

Mukasankha kutumiza pa positi, pali kafomu kofunsa zomwe zili m'katimo. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa ponena zoona. Pefyumu ali ndi spiriti yosachedwa kuyaka, ndipo zitini zopopera m'khwapa zinalembedwa pambali kuti zisakhale pamalo otentha kuposa madigiri 50. N'chifukwa chake malamulo a positi salola zinthu zimenezi kukwera ndege ngati kalata wamba. Inu lembani kuti "zovala". Chitini chikaphulika m'njira, makalata a anthu ena onse adzafika akununkhira, ndipo adzakuthokozani mumtima.

Katoni likhale lalikulu, katundu wochepa, kuti mabotolo apeze bwalo lovinira. Nyuzipepala zakale zomwe anzanu amafinya n'kutsekera m'mipata, inu kolezerani mbaula. Pawuda wa kumaso muike pansi penipeni, pamwamba pake nsapato za atsibweni. Adzafika ali fumbi, koma kodi pawuda si fumbi kale?

Keyala musaichulukitse. Kwathu ambiri timalandirira makalata pa bokosi la sukulu kapena la tchalitchi, koma nambala ya bokosi ndi foni ya wolandira n'zodzionetsera. Lembani kuti "Amayi, kuseri kwa mtengo wa mango, Chiradzulu". Mitengo ya mango m'boma muno ilipo itatu yokha, wina aliyense akuidziwa.

Gawo lotsiriza ndi la wakabaza. Iyeyu amamanga katoni ndi malegeni, kukoka mpaka litachita chiuno ngati mavu, ndipo Colgate amene anapirira malire a mayiko anayi amagonjera pomwepo, phiri la Chiradzulu likuonerera. Chimene chapulumuka apa chimakumana ndi kudontha kwina komwe selotepi sangatseke. Azakhali angoyesako pang'ono pachikhatho. Alamu angonunkhizako. Mwana wa aneba wangotuwa miyendo, mungam'mane? Botolo lofika lodzaza Lachisanu, pofika Lamulungu mapemphero atatha amakhala akulidula pakati ndi mpeni kuti akombe za m'mbali.

Madzulo ake mudzaimba foni kufunsa ngati katundu wafika. Amayi, poti sadandaula za mphatso, adzati: "Wafika bwinobwino, mwanangu, Mulungu akudalitse. Koma shuga wa kumeneko bwanji amachita thovu mu tiyi?"