Bwana, Ndilembeni Ntchito Iliyonse

Kampani ikangolengeza malo amodzi a ntchito mu The Nation kapena Daily Times, pakutha pa sabata pa desiki pamakhala mulu wa maenvulopu woti munthu sangaunyamule ndi dzanja limodzi. Owerenga muluwo amakhala otopa, ndipo kalata zambiri amangoziyang'ana pamwamba n'kuziponya pambali. Chowatsitsimula n'chakuti m'kati mwake simulephera kupezeka zoseketsa.

Bambo wina analemba masamba atatu. Loyamba linali la moni. Anafunsa za moyo wa bwana, wa mayi akunyumba ndi wa ana, n'kuthokoza Mulungu ngati onse adzuka bwino. Lachiwiri linali la mavuto: lendi ya miyezi inayi, mwana wobwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, apongozi ogonekedwa kuchipatala, ndi nkhuku zonse zimene zinatha ndi chitopa. Lachitatu linali pemphero.

Bwana atafika pa "Ameni" anavula magalasi n'kufunsa mlembi wake kuti, "Kodi bamboyu akufuna ntchito yanji?"

Mlembi anatembenuza masamba onse. "Sanatchule, bwana."

"Ndiye perekani ku komiti yathu ya zachisoni. Uyu akufuna chipepeso."

Mavutowo ndi enieni, sitikuwaseka. Koma aliyense m'mulu muja ali ndi lendi yake yosalipira. Bwana akufuna adziwe zinthu zitatu asanatembenuze tsamba: mukufunsira ntchito iti, munaiona kuti, nanga mumatha chiyani chimene iye akuchisowa.

*

Mnyamata wina analemba kuti akufunsira "ntchito iliyonse imene ilipo". Tsiku limenelo bwana anali ndi nthawi yocheza, choncho anamuitana.

"Tili ndi malo awiri. Ena ndi a akauntanti, ena ndi osambitsa agalu a alonda. Mukufuna ati?"

"A akauntanti, bwana."

"Munaphunzira za maakaunti?"

"Ayi, bwana."

"Nanga agalu?"

"Ndimawaopa, bwana."

"Tsono iliyonse ija ndi iti?"

*

Pafupi ndi depoti ina pali kashopu kotayipa makalata. Mwini wake ali ndi kalata imodzi yokha pa kompyuta, ndipo kasitomala akabwera amangosintha dzina ndi adiresi. Sabata ina kampani ya malole inalandira makalata asanu ndi awiri ofanana mpaka pa mpumiro. Onse asanu ndi awiriwo anali "olimbikira, oopa Mulungu ndi otha kugwira ntchito popanda wowayang'anira". Awiri anali ndi tsiku lobadwa limodzi. Wina, bambo wa ndevu zake, anasayina pansi pa dzina la mayi amene anatayipitsa iye asanafike.

Mmodzi yekha ndiye anaitanidwa, mwina chifukwa mabwana ankafuna kumuona ndi maso.

"Mwalemba apa kuti kuyambira muli mwana mumakonda kusamalira odwala. Ife tikufuna dalaivala."

Bamboyo sanaphethire n'komwe. "Bwana, malole anu ndawaona panja apo. Ambiri ndi odwala."

Anaseka onse, koma ntchito anapatsa wina. Kutayipitsa si mlandu, ambiri tilibe makompyuta kunyumba. Mlandu ndi kulipira, kupinda pepala n'kuliika mu envulopu osaliwerenga. Ndipo kalata yopita ku chipatala singapitenso ku galaja. Malo aliwonse amafuna kalata yawoyawo, yotchula dzina la kampaniyo molondola ndi zimene iwo analemba kuti akufuna.

*

Nkhani iyi ndiye imandipweteka m'nthiti. Mtsikana wina analemba monyadira kuti: "Ndinakhoza MSCE ndi mapointi 46, kuposa anzanga onse m'kalasi. Ngakhale amene anasankhidwa kupita ku Chanco anangopeza 12 basi."

Kwa amene sukulu munaisiya kalekale, a MANEB amapereka giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndiye yapamwamba, 9 ndi kulephera, ndipo amaphatikiza magiredi a maphunziro 6 amene munthu wakhoza bwino. Katswiri weniweni amapeza mapointi 6. Mtsikanayu ankawerenga mapointi ngati zigoli za mpira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pansi penipeni pa CV yake, m'zilembo zazing'ono, panali satifiketi ya TEVETA ya zamagetsi ndi zaka ziwiri zoyika mawaya m'nyumba za anthu. Kampaniyo inkafuna wa zamagetsi. Akanayamba ndi zimenezo, za mapointi palibe akanazifunsa.

*

Tsopano za anthu okuchitirani umboni, amene mayina awo amalembedwa kumapeto kwa CV.

Mnyamata wina analemba dzina la "bwana wake wakale" ndi nambala ya foni. Ali m'kati mwa intavyu, mmodzi wa ofunsa anati, "Tiyeni tiwaimbire pompano." Anaimba. Foni inalira m'thumba la jekete la mnyamatayo. Iye anaitulutsa mwaulemu, n'kuiyang'ana, n'kunena kuti, "Pepani, bwana aja anaiwala foni yawo kwathu."

Wina anachita chilungamo, analemba malume ake enieni, koma sanawauze. A kampani ataimba, malumewo anali kumunda.

"Halo, tikufuna kudziwa za mphwanu amene wafunsira ntchito kuno."

"Mwamupeza? Ali pompo?"

"Ayi, bambo, ife tikungofuna umboni wa khalidwe lake."

"Khalidwe? Mumuuze abweze njinga yanga. Anabwereka nthawi yokolola, pano tikubzala. Ndipo pampu ikhale pomwepo."

"Ndiye mukuti ndi wokhulupirika?"

"Kudya ndiye amadya mokhulupirika."

Wachibale sakhala mboni yabwino ngakhale mutamubwezera njinga, chifukwa bwana amadziwa kuti magazi amakondera. Lembani mphunzitsi amene anakuphunzitsani, kapitawo amene munagwira naye ntchito, kapena abusa amene amakudziwanidi, osati amene munangogwirana nawo chanza pa ukwati. Muwapemphe kaye, muwauze ntchito imene mukufunsira, ndipo mutsimikize kuti nambala yawo ikugwira. Ena amalemba mayina a anthu amene anaikidwa m'manda chaka chatha.

*

Masiku ano makampani ambiri amati tumizani pa imelo. Mnyamata wina anamva zimenezo, anayala CV yake pa mphasa n'kuijambula ndi foni. Chithunzicho chinafika bwinobwino. Pakona yakumanzere pankaoneka mbale ya nsima yotsala theka ndi mutu wa usipa. Pakona yakumanja pankaoneka chala chachikulu cha kuphazi, chikhadabo chake chong'ambika, chitaponda pepala kuti lisauluke ndi mphepo. Mawu a pa CV sankawerengeka, koma chalacho chinatuluka mwaluso. Dzina la imelo yake linali lodzitcha mfumu ya atsikana a mu Ndirande.

Mnzake anachita bwino pang'ono. Analemba kuti "onani CV yanga ili m'munsimu", koma m'munsimo munalibe kanthu. Anatumizanso kupepesa, n'kuiwalanso. Ulendo wachitatu anatumiza chithunzi cha ukwati wa mlongo wake.

Tsegulani imelo ya dzina lanu lenileni, kalata ndi CV zikhale PDF, pa mutu wa imelo lembani dzina la ntchito, ndipo yambani mwadzitumizira nokha kuti muone chimene chikafike.

Apa ndiwonjezepo ziwiri zosaseketsa. Satifiketi yeniyeni siitumizidwa, tumizani fotokope, yodindidwa ngati atero. Ndipo munthu akakuimbirani kuti mwasankhidwa koma mutumize kaye ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba, dulani foni. Ameneyo ntchito anaipeza kale, ndiyo yokuberani.

*

M'mulu wina munali kalata ya mayi wina, ya theka la tsamba. Anatchula ntchito ya wosunga katundu m'sitolo ndi tsiku limene anaiona m'nyuzipepala. Anati wagwira zaka zinayi pa golosale yaikulu, amadziwa kulemba katundu wolowa ndi wotuluka, m'buku ndi pa kompyuta pomwe, ndipo akhoza kuyamba mwezi wamawa. Anasayina, nambala ya foni pansi. Mabwana sanaseke, anamuitana.

Pa ntchito yomweyo anasankhanso bambo wina wa kalata yabwino ndithu. Mlembi wa kampani, mayi wa mawu okoma, anaimba nambala imene inali pa kalatayo. Anayankha ndi akazi awo.

"Halo, ndingalankhule ndi bambo?"

"Ndinu ndani inu?"

"Ndimafuna ndiwauze kuti abwere Lachinayi, 9 koloko m'mawa."

"Abwere kuti? Nambala ya amuna anga mwaitenga kuti? Mulibe manyazi? Lachinayi ndibwera ndine!"

Foni inadulidwa, nambala ija n'kutsekedwa. Bamboyo mpaka lero amadandaula kuti ntchito za masiku ano n'zodziwana.

Inu amene mwatumiza kalata sabata ino, auzeni akunyumba kuti mukudikira foni ya kuntchito, ndipo foniyo ikhale ndi moto.