Foni ya Pachala Nja Mphepo

Mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, unapekedwa ndi akuluakulu onunkhiza fodya amene sanaonepo chingwe cha magetsi, choncho palibe amene ankauyembekezera kuti ungadzayankhulepo pa nkhani za makampani a zipangizo zamakono. Komabe mu Ogasiti 2025 kampani ya Google inalengeza kuti mafoni a Android ovomerezedwa ndi iyo adzayamba kukana mapulogalamu olembedwa ndi anthu amene sanadzionetse kwa kampaniyo, ngakhale mwini foni atawafuna yekha ndi kuwatenga kunja kwa sitolo ya Google, ndipo dongosololi linakonzedwa kuti liyambire ku Brazil, Indonesia, Singapore ndi Thailand mu 2026. Chilengezocho chinachititsa gawo lachiwiri la mwambiwu, limene anthu ambiri amalimeza chifukwa cha ulesi wa pakamwa, kumveka ngati ulosi, pakuti palibe katundu amene wakhalitsa pachala cha munthu kuposa foni yamakono, ndipo palibenso katundu amene umwini wake umauluzika msanga chotere.

Funso limene akatswiri a malamulo akhala akulimbana nalo ndi lakuti kodi kampani ingaletse munthu kusintha foni imene wagula ndi ndalama zake, funso limene likanaseketsa bwalo lonse likanafunsidwa pa katundu wina. Wogula njinga amaika siponji pakaliyala, amamangirira magalasi awiri pachiwongolero, amaipenta mtundu umene mtima wake wakonda ndi kulemba mawu onyogodola adani pamadigadi, koma fakitale imene inapanga njingayo siitumiza kalata yodandaula, chifukwa malonda anathera pomwe ndalama inaperekedwa. Foni ndi yosiyana chifukwa ndi zinthu ziwiri zokhala m'thupi limodzi: chitsulo ndi galasi, zimene zimagulitsidwadi, ndi mapulogalamu oyendetsa chitsulocho, amene makampani amati sagulitsidwa koma amaperekedwa pa layisensi, kutanthauza chilolezo chogwiritsa ntchito chinthu chimene mwini wake ndi wina. Chilolezocho chimalembedwa m'masamba ambirimbiri a zilembo zonga nthata, ndipo wogula amachivomera ndi chala chomwe chija cha m'mwambi asanawerenge ngakhale mzere umodzi, popeza mtima wake uli kale pa kujambula zithunzi. Motero munthu amatuluka m'sitolo atagula khola, koma nkhuku zili m'katimo n'zobwereka.

Ku United States, kumene mkanganowu unakulira, makampani amatsamira pa lamulo la 1998 lotchedwa Digital Millennium Copyright Act, limene linalembedwa pofuna kuteteza nyimbo ndi mafilimu kwa okopera mwakuba, koma gawo lake la 1201 linaletsa kuthyola loko aliyense wa pakompyuta wotchinga ntchito yotetezedwa, ngakhale wothyolayo asanabe kanthu. Popeza mapulogalamu a m'foni nawonso ndi ntchito yotetezedwa, munthu wotsegula loko wa foni yake anapezeka ali pamzere umodzi ndi wakuba mafilimu. Pa mafoni a iPhone kutsegulako kumatchedwa jailbreak, mawu otanthauza kuthawa m'ndende, ndipo dzina lokhalo likuulula zambiri, chifukwa palibe munthu amene amathawa m'nyumba mwake.

Lamulolo linasiya kakhomo kamodzi, ndipo amene anapatsidwa kiyi wa kakhomoko si woweruza kapena nduna, koma mkulu woyang'anira laibulale ya nyumba ya malamulo, Library of Congress, amene zaka zitatu zilizonse amalengeza maloko amene anthu angathyole osalakwa. Bungwe la Electronic Frontier Foundation litapempha kuti mafoni alowe pamndandandawo, Apple, kampani yopanga iPhone, inachenjeza mu 2009 kuti foni yotsegulidwa ikhoza kusokoneza nsanja za netiweki ndi kuthandiza ogulitsa mankhwala ozunguza bongo kuimba mosadziwika, koma mu Julayi 2010 woyang'anira laibulale, James Billington, analola eni mafoni kutsegula, ndipo nsanja zija zidakali chiimire. Chilolezocho chinabwera ndi michira iwiri. Chimatha pakapita zaka zitatu ndi kufunika kuchipemphanso, komanso chimamasula wotsegula yekha osati wogawa zida zotsegulira, zimene zili ngati kuuza mlimi kuti munda ngwake koma wosula makasu ali pamlandu. Mu 2012 foni inaloledwa koma tabuleti, imene ndi foni yonenepa chabe, inadikira mpaka 2015 chifukwa oyang'anira mndandandawo anaona kuti mawu akuti tabuleti analibe tanthauzo lomveka bwino. Umwini wofunika kuutsitsimutsa ngati chiphaso choyendetsera galimoto akale akanautchula dzina lake lenileni, lomwe ndi kubwereka.

Koma malo amene mwambiwu unaonekera kuti sunaphonye ngakhale chiwalo cha thupi ndi nkhani ya batani lozungulira la pa iPhone 6, lija lokhala m'munsi mwa galasi. M'batanimo munali kachipangizo kowerenga chidindo cha chala, ndipo kufakitale kachipangizoko kankakwatitsidwa ndi ubongo wa foniyo ukwati wopanda chisudzulo, kotero kuti batani la foni ina, ngakhale lochokera m'fakitale yomweyo, linali mlendo. Munthu akagwetsa foni, monga mwa mwambo wa eni mafoni onse, ankapita kwa wokonza wapafupi ndi wotchipa, amene ankasintha galasi ndipo nthawi zina batani lomwe. Foniyo inkabwerera kunyumba ikugwira ntchito, ikuimba, ikujambula, ikusunga zithunzi za maliro ndi maukwati kwa miyezi, popanda kuonetsa kuti yasunga chakukhosi. Tsiku limene mwini wake anavomera pulogalamu yatsopano yochokera ku kampani, foniyo inkadziwerenga ziwalo, n'kupeza mlendo uja, n'kulemba uthenga wakuti Error 53, kenako n'kuzima osadzukanso, zithunzi zonse zili m'mimba.

Pamafunika kuima pang'ono ndi kuona bwino amene anasintha ndi amene sanasinthe pamlanduwu. Chala sichinasinthe, popeza chinali chomwe chija chimene chinatulutsa ndalama m'thumba, chimene chinavomera layisensi, chimene foniyo inaphunzitsidwa kuchidziwa mizere yake yonse kuposa mmene mayi wobereka amadziwira chala cha mwana wake. Mwini foni sanasinthe, nyumba yake sinasinthe, ngakhale risiti inali idakali m'kabati. Chimene chinasintha ndi dzanja limene linakonza batani, ndipo pa chifukwa chimenecho foni inasankha kumvera kampani ili kutsidya kwa nyanja m'malo momvera chala chimene chinali kuisisita pamaso. Izi zikufanana ndi mlonda amene wapeza kuti chitseko chakonzedwa ndi kalipentala wosamudziwa, ndiye m'malo mokhoma chipinda chosungira ndalama ndi kudikira bwana, wagwetsa denga la nyumba yonse, n'kuima pabwinja monyadira kuti wakuba sapezapo kanthu. Zoonadi wakuba sangapezepo kanthu, ndipo pa mfundo imeneyi mlondayo sangatsutsidwe.

Nkhaniyi itafala m'manyuzipepala mu Febuluwale 2016, Apple inayamba yafotokoza kuti imeneyi inali njira yotetezera zidindo za zala za makasitomala, koma pasanathe mwezi inapepesa, n'kunena kuti kudziwerenga ziwalo kuja kunakonzedwera kufakitale osati m'manja mwa ogula, ndipo inatulutsa pulogalamu ina youkitsa mafoni akufawo. Apa ndi pamene mwambi unakwanira mbali zonse, pakuti Chichewa chimatcha malo oulutsira mawu kuti nyumba ya mphepo, ndipo chimene chinapha mafoniwo chinadzera m'njira yosaoneka yomweyo imene chowaukitsa chinadzeramo, mwini foni atangokhala ndi chala chake m'malere ngati munthu wofuna kudziwa kumene mphepo ikulowera. Ku Australia nkhaniyi inafika kukhoti, ndipo mu Juni 2018 Apple inalamulidwa kulipira madola a dzikolo 9 miliyoni chifukwa chouza makasitomala osachepera 275 kuti sangathandizidwe popeza mafoni awo anakhudzidwa ndi okonza ena. Khotilo linakumbutsa kampani chinthu chimene wogulitsa njinga aliyense amachidziwa asanaphunzire kuwerenga, kuti kukonzetsa katundu kwa mmisiri wina sikufafaniza ufulu wa wogula.

Kungakhale kusaona chilungamo kunena kuti makampani amakhoma mafoni chifukwa cha dyera lokha. Foni ya masiku ano ndi chikwama cha ndalama, ndi bokosi la makalata, ndi mboni ya kumene munthu wagona, ndipo pulogalamu yachinyengo ikalowamo imatha kukokolola m'kanthawi kochepa zimene banja lasunga chaka chonse. Loko amene Apple inayambitsa mu 2013, womangirira foni ku akaunti ya mwini wake kuti wakuba asathe kuigwiritsa ntchito, ndi loko wabwino, ndipo aliyense amene anatsomphoredwapo foni pasiteji ya basi angauvomereze ndi manja awiri. Nkhani yagona pa amene akusunga kiyi. Loko amene kiyi wake ali m'thumba la mwini nyumba amatchedwa chitetezo, pamene loko yemweyo, kiyi wake akakhala kwa amene anamanga nyumbayo, amasandutsa mwini nyumba kukhala wa lendi amene analipira mtengo wogulira. Kampani ili ndi ufulu wochenjeza, wobisa kakhomo kotsegulira kuti mwana asakapeze mwangozi, ngakhalenso wokana kukonza ulere chimene mwini wawononga yekha posintha. Koma kuletseratu munthu wamkulu kutsegula chimene anagula n'kumuyesa mwana pamene ndalama zake zinalandiridwa ngati za munthu wamkulu.

Kulemera kwa mfundoyi kumamveka kwambiri kutali ndi kumene malamulowo amalembedwa, m'misika mmene mmisiri wa mafoni amakhala pakatebulo kodzaza magalasi osweka ndi mabatire otupa, akuukitsa foni yachitatu ndi ziwalo za mafoni awiri akufa. Foni yotumizidwa ndi m'bale wa ku Johannesburg kapena ku London imafika itatha kale moyo wake woyamba, ndipo moyo wachiwiri umadalira kuti mmisiriyo aloledwe kuitsegula, kuimasula ku netiweki yakale ndi kuiika chiwalo cha foni ina. Chiwalo chilichonse chokwatitsidwa kufakitale chimafupikitsa moyo wachiwiriwo. Maboma ena ayamba kuona zimenezi: dera la Oregon ku United States linakhazikitsa mu 2024 lamulo loletsa makampani kugwiritsa ntchito ukwati wa ziwalowu polepheretsa kukonza, ndipo kuyambira mu Malichi chaka chomwecho eni ma iPhone a m'maiko a European Union analoledwa kutenga mapulogalamu m'masitolo ena osati ya Apple yokha. Zotsatira zake n'zakuti mafoni awiri ofanana, otuluka m'fakitale imodzi tsiku limodzi, amapatsa eni ake ufulu wosiyana malinga ndi dziko limene agwera, monga momwe fodya wouluzika amasankhira yekha mphuno yoti akayetsemulitse.

Pali nthawi imodzi yokha imene umwini wa foni umabwerera wonse kwa wogula popanda woulimbirana, ndiyo pamene foniyo yapulumuka m'manja n'kugwa chafufumimba pasimenti. Pa mphindi imeneyo palibe kampani imene imatchula layisensi, palibe woyang'anira laibulale amene amafunsidwa maganizo, ndipo ming'alu yonse ya pagalasi imalembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Akale ananena zoona kuti wa pachala ngwa mphepo, koma anasiya osatchula mbali imene ogula mafoni aitulukira okha, yakuti mphepo imatenga fodya yekha, ngongole ya kwa wogulitsa fodyayo n'kuisiya pachala pomwepo.