Phanga la makomo awiri

Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chitatsala pang'ono kutsegulidwanso mu Disembala 2024, patapita zaka zisanu chipsereni ndi moto, nduna ya zachikhalidwe ya ku France panthawiyo, Rachida Dati, inati alendo odzaona malo azilipira mayuro 5 pakhomo, odzapemphera okha ndiwo azilowa ulere. Akuluakulu a mpingo anakana, ndipo china chimene anadandaula n'chakuti kusiyanitsa wodzapemphera ndi wodzamwaza maso si ntchito yamasewera. Nkhani imeneyi yandikayikitsa mwambi uja wakuti mapanga awiri avumbwitsa. Makolo athu sanaganizireko za phanga limodzi lokhala ndi makomo awiri, lina lolipira, lina laulere.

Taganizani za munthu amene kuntchito amutuma ku London kumsonkhano wa sabata yathunthu. Lolemba mpaka Loweruka ali m'holo ya hotela, tsiku lake ndi Lamulungu lokha, ndipo alawansi inagawidwa kale asanakwere ndege: matumba a simenti, nsapato za ana, foni ya mlamu. Akufuna kupemphera, kuti akabwerera asakasowe chowayankha akulu a mpingo. Akufunanso kuona Westminster Abbey. Mkati mwa sabata tikiti yolowera kumeneko ndi pafupifupi mapaundi 30, ndalama yoti ukaiwerengera m'makwacha mutu umayamba kuwawa. Koma Lamulungu tchalitchichi sichilandira odzaona malo, chimatsegulira opemphera okha, ndipo iwo salipira kanthu. Ndiye munthu amene kwawo amalowa m'tchalitchi ulaliki uli pakati, ku London mumupeza ali kale pamzere mapemphero a madzulo asanayambe, tayi ili pakhosi, nkhope ili ndii.

Akalowa amayenda pang'onopang'ono mutu ataweramitsa. Omuona amati koma bamboyu ndi wodzichepetsa, osadziwa kuti akusakasaka pansi mwala wa manda a David Livingstone, amene anaikidwa m'tchalitchimu mu 1874, Susi, Chuma ndi anzawo atanyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo mpaka ku Bagamoyo. Mtima wa Livingstone unatsala ku Zambia patsinde pa mtengo, kotero mwiniwakeyo wakhala m'mapanga awiri zaka zonsezi, ndipo sitinamve kuti wadandaula. Kwaya ikayamba, mlendo wathu amakweza maso kumwamba. Apanso palibe angamugwire, chifukwa nkhope ya munthu wosinkhasinkha za Mlengi ndi ya munthu woyeza denga la mamita oposa 30 n'zofanana ndendende. Chimamuzunza ndi foni yokha. Kujambula pa nthawi ya mapemphero n'koletsedwa, ndipo dzanja limangopita m'thumba n'kubwerako lokha.

Ena anena kuti uku n'kuba, ndipo mfundo ali nayo: tchalitchichi sichidalira thandizo la boma, chimadzisamalira ndi ndalama za matikiti omwewo. Komabe mbale ya chopereka sinaletsedwe, ndipo wachikumbumtima angathe kuponyamo kenakake. Akati n'chinyengo pamaso pa Mulungu, ine ndifunsa kuti ndi tchalitchi chiti, ku Zomba kapena ku Chipata, chimene anthu onse amalowamo ndi cholinga chimodzi. Makwaya angati anadzaza ndi anyamata chifukwa cha mtsikana woimba kutsogolo? Ambiri mwa anyamata amenewo lero ndi madikoni. Nyimbo sifunsa chimene chakubweretsa. Munthu wobwera kudzaona miyala, yemwe sabata yonse wakhala akumwetulira anthu osawadziwa m'chinenero cha eni, angathe kudzidzimuka kuti salmo limene akumva ndi lomwe lija agogo ake ankalinena pamtima, ndipo denga n'kuliiwala.

Chotsutsa cholemera n'chakuti mwambi uja ukulumabe, poti munthuyu saona zonse. Mapemphero akatha amamulozera khomo mwaulemu, manda a mafumu sawafika, pamene pali zikumbutso za alakatuli sapayenderanso, ndipo mukamufunsa za mawu amene anawerengedwa akhoza kukuuzani za mazenera. Ndikuvomera. Koma tiyeze bwino amene wavumbwa. Wolipira uja amazungulira ndi kachipangizo kolankhula m'khutu, kuchoka pa manda awa kupita pa enawo, m'nyumba imene panthawiyo ikupuma pa ntchito yake. Wa mapemphero a madzulo waona zochepa, koma waona nyumba imene Mfumu Henry III inayamba kumanga mu 1245 ikuchita chimene anaimangira, mawu a ana oimba akukwera mpaka kudenga kumene amisiri anawakonzera malo. Kwa ine theka limeneli likuposa linalo.

Vuto lenileni limamupeza atabwerera ku ofesi. Tikiti ya mapaundi 30 ili ndi risiti, ndipo munthu wolimba mtima angayese kuilowetsa pa fomu ngati "ulendo wophunzira". Chopereka chilibe risiti. Amene anaponya mapaundi 5 m'mbale mtima utakhudzidwa adzaima pamaso pa akauntanti n'kufotokoza za kwaya, za denga, za Susi ndi Chuma, ndipo akauntanti adzamumvetsera mpaka kumapeto, kenaka n'kumufunsa kuti chidindo chili pati.