Mwana kumsana, buku m'manja: aliyense ndi maganizo ake ku Thyolo

Kuyambira pamsika wa Bvumbwe mpaka m'malayini a kuesiteti ku Makwasa, nkhani yomwe ili m'kamwam'kamwa ndi ya ophunzira a m'makoleji amene akulera ana. M'minibasi yochokera ku Limbe yakambidwa, kuchigayo yabwerezedwa, ndipo pamzere wopimitsa masamba a tiyi pasikelo aliyense waponyapo lake.

Ena akuti n'zosatheka, mutu umodzi sungaloweze za unamwino ku Malamulo uku ukuganiza za matewera. Amachita kulumbira kuti mtsikana akangobereka, sukulu yathera pomwepo. Koma omwewo malungo akawapana amathamangira kuchipatala, kumene ena mwa anamwino analemba mayeso mwana akuyamwa, ndipo sitinamvepo kuti jakisoni wawo anakana kugwira ntchito.

Ena amanenetsa kuti boma limaletsa ntchembere kukhala m'kalasi. Apa ndiye aphonya. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, ndipo ena amene lero ali kukoleji analowera khomo limenelo. Tisaiwalenso kuti si onse anatenga mimba ali pasukulu. Alipo amayi ndi abambo a pabanja, aphunzitsi ndi azaumoyo, amene abwerera m'kalasi kukawonjezera maphunziro ana atakula kale.

Nkhani ikafika pa ndalama m'pamene mabodza amanona. Akuti wophunzira wa ku MUST, yunivesite yomwe inatsegulidwa ku Ndata mu 2014, amalandira ngongole yokwanira kudyetsa mudzi wonse. Ena akuti ayi, yonse imathera pa foni ndi tsitsi. Nanga ndalama yomweyo ingadyetse mudzi n'kutheranso kusaluni? Zoona zake n'zakuti bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, limathandiza pa fizi, mabuku ndi kandalama kodyera. Phala la mwana, sopo ndi thiransipoti yopitira kusikelo mulibe m'menemo. Wophunzira amadzimana nkhomaliro kuti atumize kangachepe kwa agogo pa Mpamba kapena Airtel Money.

Ndipo agogowo ndi amene aliyense amawatchula mosavuta: "Angomusiya kwa agogo ake, vuto n'chiyani?" Tonsefe tikudziwa kumene agogo amakhala m'bandakucha. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene tiyi amaphuka kwambiri, ali m'munda dengu kumsana, ndipo malipiro amayendera kulemera kwa masamba amene athyola. Msana ndi umodzi, sungabereke dengu ndi mdzukulu nthawi imodzi. Mvula ikatha, ntchito ya ambiri imathanso. Nthawi yolera yapezeka, koma ndalama yapita.

Chodabwitsa n'chakuti m'mikangano yonseyi bambo wa mwana satchulidwa kawirikawiri. Ena akuti kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwana ndi wa kuchikazi, choncho aone malume, mwini mbumba. Amalume nawo akuti iwo sanatume munthu. Mwambo wathu sunanenepo kuti bambo athawe, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati udindo wolera mwana ndi wa makolo onse awiri. Tiyamikenso anyamata amene patchuthi amapalasa kabaza ku Luchenza kuti apeze fizi ndi ndiwo za mwana, pakuti nawonso alipo.

Nanga athandize ndani? Ena akuloza eni maesiteti, ena akuloza makoleji, ena mipingo, ena boma, ndipo aliyense chala chake chikuloza kutali ndi thumba lake. Komatu zofunika si zambiri. Pafupi ndi Ndata, Malamulo ndi koleji ya aphunzitsi ya Amalika pakhale sukulu za mkombaphala zodalirika, zotsegula m'mawa n'kutseka makalasi akatha. Eni nyumba za lendi ku Goliati ndi ku Makwasa asakwinye nkhope akaona wophunzira wabwera ndi khanda. Aphunzitsi amvetse mwana akagonekedwa m'chipatala sabata ya mayeso. Magulu a banki mkhonde amulandire mayi wophunzira ngati mnzawo.

Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo m'boma lino muli mabanja amene athyola tiyi kuyambira agogo mpaka zidzukulu. Mwana wa m'banja lotere akafika kukoleji, mtundu wonse waona njira ina yopezera chakudya. Kumubweza chifukwa wabereka n'kutaya anthu awiri nthawi imodzi. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Choncho amene tili pafupi timugwirire mwanayo maola awiri mayi ake awerenge, amene tili ndi kangachepe tithandize fizi, ndipo abambo a anawa abwere poyera asenze udindo wawo.