Mbale ya Kagalu ka ku Area 47

(Agogo abwera ku Lilongwe kudzapimitsa maso, ndipo afikira kwa mdzukulu wawo wamkazi amene anamaliza maphunziro ake ku Zomba. Ndi Loweruka m'mawa, kukhitchini.)

AGOGO: Mkazi mnzanga, sikelo ikutani pafupi ndi mapoto? Wayamba geni ya nyama?

MDZUKULU: Ayi agogo, ndikuyeza chakudya cha Bella.

AGOGO: Bella ndi mwana wa yani? Usandiuze kuti unachira kuno ife osamva.

MDZUKULU: Ndi uyo wagona pampando wanuyo.

AGOGO: Ako? Ine dzulo ndimayesa khoswe wa m'nkhokwe amene mwamuveka juzi.

MDZUKULU: Ndi galu, agogo. Mtundu wake ndi Chihuahua, wochokera ku Mexico. Apa wakula kale. Amalemera makilogalamu 2.5, ndipo sapitirira pamenepo.

AGOGO: Akuba akabwera kamatani?

MDZUKULU: Amauwa.

AGOGO: Kenaka akuba aja amakaika m'thumba n'kumapita. Chabwino. Nanga m'potomo muli chiyani?

MDZUKULU: Chidali cha nkhuku chopanda khungu, mbatata ya kholowa, dzungu ndi kachidutswa ka chiwindi. Theka la mbale likhale nyama, theka linalo mbatata ndi dzungu. Sabata ino akungonunkhiza chakudya n'kuchokapo. Chogula m'sitolo chija anachikana kalekale.

AGOGO: Kukana! Galu? Tilekeni wanga kumudzi ndinkamuphikira madeya m'phale, akadya ankanyambita mpaka phale kugubuduzika. Sanandifunsepo kuti ndiwo n'chiyani.

MDZUKULU: Tilekeni sankadya madeya okha. Ankapita kuuzimba ndi agogo aamuna, ankagwira mbewa, ziwala, nthawi zina kalulu wathunthu, mafupa ndi matumbo omwe. Zimene thupi lake linkasowa ankakadzipezera kutchire. Bella tchire lake ndi kapeti uyu. Chimene sindinaike m'mbalemu ndiye kuti sachipeza kwina kulikonse.

AGOGO: Ndiye mpatse makombo a dzulo aja. Msuzi uja unakoma, ngakhale anyezi unachulutsa.

MDZUKULU: Anyeziyo ndiye poizoni wake. Anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu, kaya n'zaziwisi kaya n'zophika. Galu amafooka, nkhama zimayera, mkodzo umafiira. Galu wamkulu mwina angapirire pang'ono, koma kwa thupi laling'ono chonchi anyezi wochepa chabe ndi wokwana. Chimodzimodzi chokoleti, mphesa, ngakhale mtedza wa makadamiya uja amalima ku Thyolo.

AGOGO: Ha! Ndiye kuti zokoma zonse n'zoletsedwa. Kali mumpingo wanji kagalu kameneka?

MDZUKULU: Agogo!

AGOGO: Ndangofunsa. Mafupa a nkhuku awa ndikaponyere?

MDZUKULU: Musayerekeze. Fupa lophika limathetheka n'kukhala tizisonga. Likhoza kumutsamwa kapena kuboola matumbo.

AGOGO: (Atola fupa limodzi n'kuyamba kulitafuna okha, maso ali pa galu.) Ine matumbo anga ndi achikale. Nanga mtondo waung'onowu ukusinjamo chiyani? Nsinjiro?

MDZUKULU: Makoko a mazira. Ndimawawiritsa, kuwaumitsa, kenaka kuwasinja mpaka asalale. Nyama yopanda fupa ili ndi kashiamu wochepa kwambiri, ndipo galu wodya nyama ndi mbatata zokha mafupa ake amafooka m'kupita kwa nthawi. Ndimathira theka la supuni ya tiyi pa theka la kilogalamu ya chakudya.

AGOGO: Dzira lenilenilo amadya ndani?

MDZUKULU: Nthawi zina iyeyo, lowiritsa.

AGOGO: Ife tili atsikana ankatiletsa mazira. Lero galu akudya dzira ndi makoko omwe. Dziko latembenukadi. Chiwindicho bwanji wangodula kachala? Si ndiye chokoma?

MDZUKULU: Chimenecho ndiye amachikonda, koma chikachuluka vitamini A amapitirira muyezo n'kumudwalitsa. Kuphikira galu pakhomo si masewera. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis anaunika maphikidwe 200 a chakudya cha agalu, a m'mabuku ndi pa intaneti. Anapeza kuti 95 mwa 100 aliwonse ankaperewera chinthu china chofunika m'thupi. N'chifukwa chake ine ndinapita kwa a vetenale kuti andilembere muyezo.

AGOGO: Anthu akuluakulu, ndevu pepeya, ophunzira mpaka kumapeto, anakhala pansi n'kumawerenga maphikidwe a agalu?

MDZUKULU: Ndi ntchito yawo.

AGOGO: Ndipo amalandira malipiro. Ine ndinalakwitsa kubadwa msanga.

(Mdzukulu afunditsa chakudya pang'ono, achiyesa ndi chala, n'kuika mbale pansi. Bella atsika pampando mwaulemerero, anunkhiza kamodzi, n'kutembenuka.)

AGOGO: Wafunditsiranji? Kali ndi chimfine?

MDZUKULU: Kuti fungo lituluke. Galu amadya ndi mphuno. Palilime lake pali tinthu tomvera kukoma pafupifupi 1,700 tokha, pomwe munthu ali nato pafupifupi 9,000. Chakudya chozizira cha mufiriji sichimukopa. Bella, bwera mwana wanga, idya pang'ono chabe. Taonani, wakananso. Dikirani ndimupatse kabisiketi kuti m'mimba musakhale mopanda kanthu.

AGOGO: Ima pomwepo! Dzulo madzulo kanakana, unakapatsa chiyani?

MDZUKULU: Kasoseji.

AGOGO: Dzulo masana?

MDZUKULU: Tchizi pang'ono. Amandimvetsa chisoni, agogo. Akandiyang'ana ndi maso akewo...

AGOGO: Mkazi mnzanga, unapita kusukulu zaka zonsezija kuti udzapusitsidwe ndi kanyama kokwana m'chikwama? Galu wamkota sakandira pachabe, tamvera ine. Kagalu aka sikakudwala. Kadziwa kuti kakakana mbatata kumabwera soseji. Ukanakhala iweyo ukanadya mbatata?

MDZUKULU: Komatu a vetenale ananenanso zomwezo. Akuti zopatsa pambali zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya cha tsiku lonse. Kwa Bella soseji imodzi ndi pafupifupi chakudya cha tsiku lathunthu. Anati ndiziika mbale nthawi yofanana, m'mawa ndi madzulo, ikakhala mphindi 15 ndiziichotsa, kaya wadya kaya sanadye.

AGOGO: Unalipira zingati kuti umve zimenezo?

MDZUKULU: Tisakambe za ndalama.

AGOGO: Ine ndikanakuuza ulere, n'kukupatsanso mtedza wa panjira. Amako ankakana therere ali mwana. Ndinkangovundikira mbale n'kupita kudimba. Pobwera ndinkapeza mbale ili mbee.

MDZUKULU: Koma pali posiyana. Tiagalu ting'onoting'ono, makamaka tikadali ana, tikakhala nthawi yaitali osadya shuga amatsika m'thupi, timanjenjemera mpaka kukomoka. Kamwana kamafunika kudya katatu kapena kanayi patsiku. Bella ndi wamkulu, kudumphitsa chakudya kamodzi sikungamuphe. Koma likatha tsiku lathunthu osalawa kanthu, kapena akayamba kusanza, ndiye kuthamanga naye kuchipatala. Nthawi zina vuto limakhala mano. Galu wamkulu ali ndi mano 42, ndipo m'kakamwa kakang'ono ngati aka amathinana, zakudya zimatsalira, nkhama n'kutupa. Galu woteroyo amakana kudya chifukwa cha ululu.

AGOGO: Mano 42? Ine anditsalira asanu ndi limodzi, koma sunandionepo ndikukana nsima. Tabwera nako kuno ndikaone m'kamwa. Kanabayitsa katemera wa chiwewe?

MDZUKULU: Chaka chilichonse. Khadi lake lilipo.

AGOGO: (Akweza mlomo wa galu ndi chala, Bella ali duu ngati si iye.) Mano ali mbuu, nkhama zili bwinobwino. Palibe matenda apa, ndi mwano basi. Chakudya chonsechi kamaliza liti?

MDZUKULU: Ndimaphika cha masiku atatu n'kusunga mufiriji. Magetsi akazima nthawi yaitali ndimataya, chifukwa chowawasa chimamutsegula m'mimba.

AGOGO: Kutaya nkhuku! Usadzanene zimenezo kumudzi, angadzakuyese wamisala. Mcherewo uli kuti ndikuthandize kukoleretsa? Mwina n'chifukwa chake kakukana.

MDZUKULU: Sitithira wa patebulo ngati ndiwo zathu, agogo. Ndikafuna kumukopa ndimawaza usipa wosinja pang'ono pamwamba, uja wosathira mchere.

AGOGO: Usipa ndabwera nawo uja?

MDZUKULU: Wochepa chabe.

AGOGO: Ndiye kuti ndinasenza thumba kuchokera kumudzi, kukangana ndi kondakitala, kuti ndidzadyetse mlendo wa ku Mexico. Taona wotchi yakoyo. Zakwana mphindi zingati?

MDZUKULU: Khumi ndi ziwiri. Agogo, taonani mmene akundiyang'anira. Kabisiketi kamodzi kokha.

AGOGO: Zikakwana 15 mbaleyo ichoke, kadzaionenso madzulo. Mabisiketi usavutike kuwafuna. Ndawatsekera m'chikwama changa pamodzi ndi soseji, ndipo ndimwera tiyi.